Drogba sanatenge chikho cha Africa: kodi zimenezi zimamuchotsera ulemu?

Bambo a Chisomo, Ndirande
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nkhani iyi chifukwa yandikhala pamtima. Dzulo tikudya nsima, mwana wanga woyamba, amene ali Fomu 3, wandiuza m'maso muli gwa kuti Didier Drogba anali wosewera wamba, kungoti ife akuluakulu timamukweza chifukwa cha chigoli chimodzi cha ku Munich pa fainolo ya Champions League ya 2012. Akuti munthu amene sanatengereko dziko lake chikho cha Africa sangatchedwe katswiri wa Africa. Ndinabweza mbamu m'mbale, njala yonse inatha.

Ine munthuyu ndinamuona ndi maso angawa. Pa 10 Okutobala 2009 ndinali pa Kamuzu Stadium pomwe Flames imasewera ndi Ivory Coast. Tinalowa m'mawa kuopa kusowa malo, dzuwa lija la Okutobala likutiwamba pa simenti mpaka masana. Drogba anayambira pa benchi. Chigawo chachiwiri, mphindi ya 64, Jacob Ngwira anagwedeza ukonde. Bwalo lonse linanjenjemera, bambo wina amene sindimamudziwa n'komwe anandinyamula m'chiuno. Tisanamalize n'kuyimba komwe, tinangoona Drogba wavula chovala chapamwamba, walowa. Mphindi ya 67 chigoli chabwezedwa. Mphindi zitatu zokha chimwemwe chathu chinakhala. Masewero anatha 1-1, iwo n'kudzigulira malo ku World Cup ya 2010 pa bwalo lathu lomwelo. Tikiti ya tsikulo ndinaisunga penapake m'nyumba muno.

Ndiye funso langa ndi ili: mwanayu akunena zoona? Kusowa chikho cha Africa kumafufuta zonse zija?

Wa Gunners ku Zomba
Achimwene, mwana wanu musamukalipire, pali pena pomwe wakhudza. Ine ndine wa Arsenal ndipo Drogba anatizunza kwambiri, zigoli 13 pa ife tokha atavala ya Chelsea, Senderos ankangooneka ngati kamwana ka pulayimale pambali pake. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Mu ligi ya ku England anamwetsa zigoli 104 pa masewero 254. Pa zaka 9 zimene anasewera kumeneko, ndi ziwiri zokha zimene anafika zigoli 20: mu 2006/07 anamwetsa 20, mu 2009/10 anamwetsa 29. Zaka zina ankathera pa 5, pa 8, pa 10. Thierry Henry ankadutsa 20 chaka ndi chaka. Womwetsa zigoli timamuyeza ndi zigoli, palibenso muyeso wina.

Mnyamata wa ku Dedza
Ndi zimene ndimafuna kunena. Salah anadutsa 104 ija kalekale, mu Okutobala 2021, tsiku limene anamwetsa zitatu pa Old Trafford. Ndipo Salah amasewera cha m'mbali, si nambala 9. Madala athu mumangokonda zakale basi.

Mayi a Tadala, Area 25
Mwana wanga wa ku Dedza, Salah ndi katswiri, palibe akukana. Koma imva izi kaye. Chelsea itakhala pa fainolo, Drogba ankasanduka munthu wina. Fainolo za FA Cup zinayi, ndipo zonse anamwetsamo: 2007 ndi Manchester United pa Wembley yatsopano, 2009 ndi Everton, 2010 ndi Portsmouth pa firikiki, 2012 ndi Liverpool. Palibe wina anachitapo zimenezo. League Cup ya 2005 anamwetsa, ya 2007 anamwetsa ziwiri, a Gunners a ku Zomba akukumbukira bwino kuti anali ndani tsikulo. Zigoli za pa ligi zolimbana ndi matimu akumunsi, timu itatsogola kale 3-0, n'zosiyana ndi chigoli cha tsiku limene aliyense miyendo ikunjenjemera.

Wa Gunners ku Zomba
Ndikukumbukira mayi, inali 2-1 ku Cardiff. Sindikukana. Koma poti mwatchula mafainolo, titchulenso ya Champions League ya ku Moscow mu 2008, ndi Manchester United. Mphindi zoonjezera zili pafupi kutha, munthu wamkulu n'kukamenya Vidić khofi pamaso pa oyimbira, khadi yofiira. Akanakhala m'bwalo, mwina penate yachisanu ikanakhala yake, John Terry sakanaterereka. Chaka chotsatira ndi Barcelona, analalatira oyimbira uja wa ku Norway, n'kutukwana pa kamera dziko lonse likuonera, mpaka anamuletsa masewero angapo. Komanso kugwa kuja. Munthu wa thupi ngati lija kumangogubuduka akamukhudza pang'ono, ngakhale masapota a Chelsea eniake anamukuwizapo pa Stamford Bridge mu 2006. Izi tisazikwirire.

Mayi a Tadala, Area 25
Sindizikwirira. Usiku wa ku Moscow ndinalira, ndipo ndinamukwiyira sabata zingapo. Analakwa, basi. Koma ndilole ndikufotokozere za pa 19 Meyi 2012, chifukwa mwana wa a Chisomo akuti "chigoli chimodzi" ngati chinagwa kumwamba.

Nthawi imeneyo kunyumba tinalibe dishi. Ndinapita ku vidiyo sho ya pamsika ndi mchimwene wanga, mzimayi ndinali ndekha m'chipinda chonse, Tadala ndili naye kumbuyo. Magetsi anali atazima kuyambira madzulo, tikuonera ndi jenereta, utsi wake ukulowa pa zenera. Bayern ikusewera pa bwalo lake lomwe ku Munich, Terry kulibe, Ivanović kulibe, Ramires kulibe, Meireles kulibe, onse makadi. Mpira wonse unali kwathu, Bayern ikumenya makona osawerengeka, ife ngakhale imodzi. Mphindi ya 83 Müller anamwetsa. Anyamata ena anayamba kutuluka. Mchimwene wanga anati tiyeni alongo, mwana angazizidwe. Ndinati dikira. Mphindi ya 88 kona yathu yoyamba usiku wonse, Mata n'kuiponya, Drogba n'kuthamangira ku chitsulo chapafupi, mutu umodzi, Neuer anangoukhudza mpira uli kale m'mwamba mwa ukonde. Benchi imene tinakhalapo inathyoka mwendo. Tadala anadzuka n'kuyamba kulira, ine osamumva n'komwe.

Kenaka yemweyonso n'kumukola Ribéry m'bokosi, penate. Ndinagwira mutu n'kunena kuti za ku Moscow zabweranso. Čech anaigwira ya Robben. Pa mapenate, Schweinsteiger atamenyetsa chitsulo, ndinamuona Drogba akuyenda kuchokera pakati, akukonza masokosi, n'kubwerera m'mbuyo mapazi awiri okha. Neuer kumanzere kwake, mpira mbali inayo. Ndiko kunali kukhudza kwake komaliza asanachoke ku Chelsea ulendo woyamba uja. Ndipo tisaiwale kuti kuti tifike ku Munich, ndi iyeyo anatsegula zigoli tikubweza ngongole ya Napoli, ndi iyenso anamwetsa chokhacho chija pa Barcelona ku London.

Wa Gunners ku Zomba
Pamenepo ndilibe mawu mayi. Usiku umenewo ndinkachemerera Bayern, koma hedi ija inali hedi.

Kochi wa ana ku Mchinji
Ndilowepo pang'ono monga munthu amene ndimaphunzitsa anyamata a zaka zosapitirira 15. Nkhani ya chiwerengero cha zigoli ikusocheretsa. Mourinho atamugula ku Marseille mu 2004 pa mapaundi 24 miliyoni, matimu ambiri a ku England ankasewera ndi anthu awiri kutsogolo. Chelsea inkaika Drogba yekha, Robben ndi Duff m'mbali, pakati anthu atatu. Ntchito yake inali yoti otseka kumbuyo awiri onse akhale naye otanganidwa. Čech akamenya mpira wautali, iye n'kuulandira pachifuwa msana atapereka ku golo, wina akumukoka jezi, wina akumukankha, iye osasuntha, mpaka anzake afike. Mukuganiza kuti Lampard, wosewera pakati, anafika bwanji pa zigoli 211 za Chelsea? Mipata yambiri imene ankathamangiramo inkatsegulidwa ndi Drogba.

Ana anga ndimawaonetsa pa foni chigoli chimene anamwetsa Liverpool mu Seputembala 2006. Mpira ukubwera m'mwamba, Carragher wamumatirira kumsana. Pachifuwa, kutembenuka, phazi lamanzere, Reina sanasunthe n'komwe. Ndimawauza kuti ayang'ane manja ake ndi chiuno chake asanaulandire mpirawo, osati mpira. Chinanso chimene anthu saona: timu ina ikamenya kona, Drogba ankabwerera n'kuima pa chitsulo chapafupi, mipira yambiri ankaichotsa ndi iyeyo. Ali mwana ku France anayamba ngati wotseka kumbuyo, mwina n'chifukwa chake.

Chimene ndimamukondera kwambiri n'choti anachedwa kupsa. Anabadwa pa 11 Malichi 1978 ku Abidjan, anamutumiza ku France ali ndi zaka 5 kwa malume ake Michel Goba amene ankasewera mpira kumeneko. Kontrakiti yake yoyamba anasaina ali ndi zaka 21 ku Le Mans, ligi yachiwiri, akuvulala pafupipafupi. Guingamp inamutenga mu Januwale 2002 ali pafupi kukwanitsa zaka 24. Chaka chotsatira zigoli 17 mu ligi, Marseille n'kumugula, kumeneko 19 mu ligi ndi kufika fainolo ya UEFA Cup imene anagonja ndi Valencia. Pofika ku Chelsea anali ndi zaka 26. Kuno mnyamata akafika 22 asanalowe Super League, makolo amamuuza kuti akagulitse kaunjika.

Mnyamata wa ku Dedza
A Kochi zimenezo sindinkazidziwa, ndimaona ngati anayambira ku Chelsea. Koma funso la a Chisomo silinayankhidwe. Nanga dziko lake analichitira chiyani? Timu inali ndi Yaya, Kolo, Kalou, Zokora, Eboué, Gervinho, koma chikho ayi.

Mnyanja wa ku Chipata
Apa lomba mwafika pakhomo panga. Muli bwanji nonse a ku Malawi. Tsiku la 12 Febuluwale 2012 ife sitidzaliiwala mpaka kumanda. Fainolo ya chikho cha Africa, Zambia yathu ndi Ivory Coast, ku Libreville, mzinda womwe uja ndege inagwera m'nyanja mu Epulo 1993 n'kutiphera osewera 18. Masiku angapo fainolo isanachitike, anyamata athu ndi Kalusha Bwalya, mkulu wa bungwe lathu la mpira nthawi imeneyo, anapita kugombe kukaponya maluwa m'madzi. Ivory Coast inafika pa fainolo osagoletsedwa ngakhale chigoli chimodzi mpikisano wonse. Cha m'ma mphindi 70 oyimbira anapereka penate, Drogba n'kuutenga mpira. Kunyumba kwathu kunali anthu oposa makumi awiri pa TV imodzi, amayi anga anatuluka panja kukagwada pa mtondo. Anaumenya m'mwamba, kudutsa mtanda. Goloboyi wathu Mweene anathamangira kwa iye akukondwera. Pa mapenate Drogba yake anamwetsa, koma Kolo Touré anaphonya, Kalaba wathu naye anaphonya, Gervinho anaphonya, Sunzu n'kumaliza, 8-7.

Ndinene chilungamo: usiku umenewo sitinamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Koma patapita zaka ndimaganiza kuti chikho chija chinali chathu kuchokera kale, kaya akanabwera ndani. Ndipo sindingamutche wolephera munthu amene timu yake inasewera masewero 6 osalowetsedwa chigoli n'kugonja pa penate ya nambala 9.

Wa Gunners ku Zomba
Koma inali kachiwiri a Chipata. Mu 2006 ku Cairo, fainolo ndi Egypt, 0-0, pa mapenate El-Hadary anagwira ya Drogba yoyambirira yeniyeniyo. Mafainolo awiri, penate ziwiri. Ndiye atangosiya timu ya dziko mu Ogasiti 2014, miyezi isanu ndi umodzi yokha Ivory Coast n'kutenga chikho mu 2015. Zimenezi sizikukuuzani kanthu?

Mnyanja wa ku Chipata
Zikundiuza kuti anatenga kochi wathu. Hervé Renard yemwe uja wa malaya oyera amene anatipatsa chikho ndi amene anawapatsanso iwo. Ndipo fainolo ya 2015 ndi Ghana inathanso 0-0, mapenate 9-8, iwo ataphonya ziwiri zoyambirira. Goloboyi Barry ndi amene anawapulumutsa. Mpira wa mapenate sungaweruzire moyo wonse wa munthu.

Madala a ku Kasungu
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine mpira ndidayamba kuutsatira pa wailesi Kinnah Phiri akusewera yekha, osati akuphunzitsa. Ndikufuna ndikukumbutseni kuti Ivory Coast isanakhale ndi Drogba inali isanapiteko ku World Cup ndi kamodzi komwe, ngakhale idatenga chikho cha Africa mu 1992. Ndi iye idapita katatu motsatizana, 2006, 2010 ndi 2014. Zigoli 65 pa masewero 105, palibe wa dziko lake amene wafikapo pamenepo. Mu 2006 yomweyo imene a ku Zomba akunena, ndime ya makotafainolo ndi Cameroon idatha ndi mapenate 12-11. Onse adamenya mpaka magoloboyi, n'kuyambiranso. Eto'o adaponya m'mwamba, Drogba adamwetsa. Palibe amene amati Eto'o ndi wamba chifukwa cha tsiku limenelo.

Koma chachikulu kwa ine ndi cha pa 8 Okutobala 2005. Dziko lawo lidali logawanika pakati chiyambire nkhondo mu 2002, kumpoto zigawenga, kumwera boma la Gbagbo. Tsikulo adapambana Sudan 3-1 ku Omdurman, koma zimadalira Cameroon. Ku Yaoundé kudali 1-1 ndi Egypt, mphindi zomaliza Cameroon idapeza penate, Pierre Womé n'kumenyetsa chitsulo. Ivory Coast idadutsa. M'chipinda chovalira, kamera ya TV ya dziko lawo ili pomwepo, Drogba adatenga maikolofoni, anzake a kumpoto ndi a kumwera, Asilamu ndi Akhristu atamuzungulira, onse n'kugwada pansi kupempha kuti anthu atule zida ndi kuchititsa chisankho. Mnyamata wa zaka 27, pa tsiku limene akadangovina n'kumwa. Mu Juni 2007 adapempha kuti masewero ndi Madagascar akachitikire ku Bouaké, likulu la zigawenga. Adapambana 5-0, iye n'kumwetsa chomaliza, asilikali a mbali zonse ziwiri ali m'bwalo limodzi.

Mphunzitsi wa ku Mulanje
Madala mwafotokoza bwino, koma ndiwonjezere kuti ana asatengepo nthano. Pa intaneti pamayenda mawu akuti Drogba anathetsa nkhondo. Sizili choncho. Mgwirizano wamtendere unasainidwa ku Ouagadougou mu Malichi 2007 pakati pa Gbagbo ndi Guillaume Soro, atayimira pakati Blaise Compaoré, ndipo masewero a ku Bouaké anabwera pambuyo pake. Chisankho chinachedwa mpaka 2010, ndipo chitachitika, mkangano wa Gbagbo ndi Ouattara unabutsanso nkhondo, anthu pafupifupi 3,000 anafa. Chimene Drogba anachita n'kuonetsa anthu otopa ndi mfuti kuti akhoza kukhalanso pa benchi limodzi. N'chachikulu ndithu, ndipo anaika dzina lake pachiswe, chifukwa mbali iliyonse ikanatha kumutenga ngati mdani. Mu 2011 anamuikanso mu komiti yoona za chilungamo ndi kuyanjanitsa anthu. Koma tisamusenzetse katundu amene iye mwini sananene kuti ndi wake.

Madala a ku Kasungu
Aphunzitsi mwakonza bwino, ndavomera. Ine ndimangoti pa osewera onse amene ndawaona, ndi ochepa amene adalimba mtima kulankhula ndi anthu onyamula mfuti.

Wa ku Joni
Moni kumudzi. Ine ndinali kale kuno ku Johannesburg mu 2010. Anthu amati Ivory Coast ya nthawi ya Drogba sinadutsepo ndime ya m'magulu ku World Cup, n'zoona, koma taonani magulu ake. Mu 2006 Argentina ndi Netherlands, ndipo chigoli choyamba cha dziko lawo pa World Cup anamwetsa ndi Drogba, pa Argentina. Mu 2010 Brazil ndi Portugal. Kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano uyambe, pa masewero opimana mphamvu ndi Japan, Tulio anamuwomba mkono unathyoka. Anamuchita opaleshoni, patangopita masiku 11 chivulalireni analowa pa masewero a Portugal mkono uli m'chotetezera. Ndi Brazil pa Soccer City anagonja 3-1, koma chimodzicho anamwetsa ndi mutu ndi iyeyo, munthu woyamba wa timu ya ku Africa kumwetsa Brazil pa World Cup. Ndinaonera pa sikirini yaikulu ku tauni pamodzi ndi mnzanga wa ku Abidjan amene tinkagwira naye ntchito yolondera. Kunkazizira koopsa, mavuvuzela ali pwepwepwe. Chigoli chitalowa mnzangayo sanakuwe, anangogwira mkono wake womwe n'kumandionetsa, misozi ili m'maso.

Ya 2014 yokha ndi imene sindingawaikire kumbuyo. Gulu la Colombia, Japan ndi Greece linali lotheka. Drogba anali ndi zaka 36, masewero awiri oyamba anayambira pa benchi. Ndi Japan akutsalira 1-0, atangolowa iye, zigoli ziwiri zinabwera m'mphindi zochepa, ngakhale sanamwetse ndi iye. Kenaka penate ya Samaras mphindi zoonjezera inawatulutsa.

Mayi a Tadala, Area 25
Pa mkono wothyokawo ndionjezere malungo. Kumapeto kwa 2010 ankasewera mofooka, anthu n'kumati watha, mpaka Ancelotti anaulula kuti madokotala amupeza ndi malungo. Ife kuno tikudziwa mmene malungo amathyolera mafupa, munthu sungathe n'kutunga madzi komwe. Iye ankathamanga nawo m'nyengo yozizira ya ku England. A ku Zomba mukamawerenga zigoli 11 za chaka chimenecho muziwerenganso zimenezi.

Bambo a Chisomo, Ndirande
Zikomo nonse, ndikuwerenga chilichonse. Pali china chimene sitinachitchule chimene chimatimanga ife ndi munthuyu. Masewero oyamba aja a ku Abidjan, pa 29 Malichi 2009, pomwe anatikwapula 5-0, Drogba n'kumwetsa ziwiri. Ine ndinkamvera pa wailesi ndikuwawidwa mtima ndi zigoli, osadziwa kuti masewero asanayambe anthu anapondana pa chipata cha bwalo la Houphouët-Boigny, mpanda n'kugwa. Anthu 19 anafa tsiku lomwelo, ovulala oposa 130. Anangopita kukaonera Drogba ndi Flames yathu. Ndipo mpira unaseweredwabe. Nditamva m'mawa mwake, 5-0 ija inasanduka kanthu kachabechabe. Mu Okutobala ndikupanikizika pa geti la Kamuzu, nthiti zikuphwanyidwa ndi khamu, ndinakumbukira anthu amenewo ndipo ndinachita mantha enieni.

Kochi wa ana ku Mchinji
Mwandikumbutsa zowawa. Komanso tisaiwale kuti gulu lomwelo ndi limene linatitengera ku Angola. Pointi ija ya 1-1 inatifikitsa pa 4. Tsiku lomaliza tinagonja 1-0 ku Burkina Faso, koma Ivory Coast, itadutsa kale, sinaseweretse ulesi, inaswa Guinea 3-0. Ndi mmene tinabwererera ku chikho cha Africa koyamba chichokereni 1984, n'kukathambitsa Algeria 3-0 ku Luanda, Mwafulirwa, Kafoteka ndi Davi Banda.

Mnyamata wa ku Dedza
Chabwino, ndamva. Koma mukamuika pambali pa Eto'o? Eto'o zikho za Africa ziwiri, 2000 ndi 2002, mendulo ya golide ya Olympics, Champions League ziwiri ndi Barcelona ndi imodzi ndi Inter, wosewera bwino wa Africa kanayi. Drogba kawiri kokha, 2006 ndi 2009.

Madala a ku Kasungu
Pa zikho Eto'o ali patsogolo, sitingatsutse. Pa liwiro ndi kuzemba otseka kumbuyo, Eto'o. Ndipo pamwamba pa onsewa pali George Weah amene adatenga Ballon d'Or mu 1995, koma taona mwana wanga, Weah sadatengepo chikho cha Africa, ngakhale ku World Cup sadapondeko. Kalusha naye ngati wosewera sadachitenge, adathera pa fainolo ya 1994. Salah wako wagonja mafainolo awiri, 2017 ndi Cameroon, ndi ija ya Senegal ya pa mapenate. Muyeso wa mwana wa a Chisomo tikautsatira, onsewa tiwataye. Ukandifunsa kuti mawa ndili ndi fainolo ndipo ndisankhe mmodzi woti aime kutsogolo yekha, mipira ikubwera yoipa, otseka kumbuyo ali zimphona, ine nditenga Drogba. Ukandifunsa woti andimwetsere chaka chonse, nditenga Eto'o.

Wa Gunners ku Zomba
Apa madala tagwirizana. Ine sindinati ndi wamba, ndimangokana zomuyeretsa. Ngakhale mathero ake sanali onse okoma. Ku Shanghai Shenhua anangokhala miyezi yochepa, zinthu sizinayende. Mu 2022 anapikisana nawo pa upulezidenti wa bungwe la mpira la dziko lake, n'kugwa pa ndime yoyamba, anapambana ndi Idriss Diallo. Ovota ndi eni matimu, osati anthu a mumsewu amene amamukonda.

Wa ku Joni
Koma ku Galatasaray anatenga ligi mu 2013, n'kumwetsanso chigoli chopambanira Super Cup pa Fenerbahçe. Anabwerera ku Chelsea mu 2014 ali ndi zaka 36 n'kutenganso ligi yachinayi. Tsiku lomaliza ndi Sunderland anzake anamunyamula pamapewa kumutulutsa m'bwalo mpira uli mkati. Zigoli zonse za Chelsea 164. Kenaka Montreal, n'kumalizira ku Phoenix Rising kumene analinso mmodzi wa eni timu, n'kupachika nsapato mu 2018 ali ndi zaka 40. Ndipo masewero ake otsiriza enieniwo analinso fainolo, anagonja 1-0 ndi Louisville.

Mnyanja wa ku Chipata
A Chisomo, mwana wanuyo mumuuze kuti ife amene tinamulanda chikho ndi amene tikumudziwa kulemera kwake. Oyimbira atangoloza pa penate paja, nyumba yonse inakhala chete ngati pamaliro, chifukwa aliyense ankadziwa amene akukamenya. Akanakhala wosewera wamba amayi anga sakanathawira panja.

Bambo a Chisomo, Ndirande
Ndamupatsa foni mwana uja wawerenga zonse kuyambira pamwamba. Pa Eto'o sanasunthe, akuti madala a ku Kasungu amuvomereza. Koma mawu oti "wamba" wawabweza yekha, ndipo wandifunsa kawiri za ku Omdurman zija, akuti kusukulu sanamvepo kuti ku Ivory Coast kunali nkhondo. A Kochi, akupempha kuti mumutumizire kavidiyo ka chigoli cha pa Liverpool kaja, akufuna aone za chiuno mumanenazo. Tikiti ija taipeza, inali m'chikwama cha mapepala a nyumba, pansi pa khadi la sikelo la iyeyo. Inki yafufutika, koma deti likuwerengeka. Waitenga, akuti akaionetsa anzake Lolemba.